Nkhuku zodikira alendo

Mwaswera bwanji nonse.

Tangofika kumene ndi atate kuchokera kuchipatala ku Mpanshya. Paja ndinakuuzani kuti mapazi awo akuchita dzanzi ndipo ayamba kuiwalaiwala. Zotsatira za magazi zatuluka lero: vitamini B12 yachepa kwambiri m'thupi mwawo. Adokotala akuti pa msinkhu wawo si zoseweretsa, munthu amangofooka pang'onopang'ono mpaka kumutaya. Awabaya jekeseni, ndipo tibwererakonso sabata yamawa.

Adokotala atawafunsa kuti nyama kapena mazira anadya liti, atate anawerenga miyezi pa zala, n'kuyankha kuti, "Pa Khirisimasi, ana atabwera."

Manyazi anandigwira. Pakhomo nkhuku zili mbwee, zija anasiya malemu amayi. Mu minibasi ndinawafunsa chifukwa chake amandikaniza kupha ngakhale imodzi. Akuti, "Nkhuku ndi ya alendo. Amako ankasungira ana a ku Lusaka. Ndikadya ndekha, akabwera adzapeza chiyani?" Mazira nawo akuti tisakhudze, nkhuku ziswe zichuluke.

Ine wa pakhomo sindine mlendo, sangandimvere. Ba Joseph, ba Loveness, inu ana awo a ku Lusaka, mukuti bwanji? Ndani abwere Loweruka lino kuti atate adye nkhuku?