Kukapereka Buku kwa Mwende

Ndinatuluka m'wodi ya ana odwala khansa Loweruka m'mawa, buku lili m'jumbo. Wondituma anali mwana wanga Tadala, wa zaka zisanu ndi zinayi. Mayi ake anatsala naye.

Bukulo anatipatsa ndi abwana anga, mayi a ku Holland amene ndimawayendetsa pagalimoto ku Muthaiga. Ndi la ana, la m'Chidatchi. Kuwerenga sititha, koma zithunzi zimamveka: ana awiri opanda tsitsi, mabedi oyandikana, mabotolo a dripi. Tadala ankaliona limodzi ndi Mwende, mtsikana wa ku Kenya konkuno amene ankagona bedi lotsatira. Nkhani ankapeka okha, wina m'Chichewa, wina m'Chiswahili.

Tsamba lomaliza sindinkalifuna. Pachithunzi chake bedi limodzi lilibe munthu. Abwana anati kwawo mwana amamuuza zoona, ngakhale za imfa. Ndinati kwathu ayi. Tsambalo ndinalimata ndi guluu.

Mwende anali atatulutsidwa. Madokotala anati akapumule kunyumba. Tadala anayesa wachira.

"Adadi, mukam'patse. Ndi nthawi yake yosunga. Mukamuuzenso kuti tsitsi langa layamba kumera."

Pasiteji ya Railways ndinakwera matatu, minibasi za kuno, yopita ku Athi River. Mashilingi zana. Kondakitala anandipanikiza pakati pa mayi wa thumba la kabichi ndi bambo woliza mkonono. Nyimbo zinkagunda mpaka m'mano.

Ku Mlolongo tinaima nthawi yaitali. Malole okhaokha, utsi, dzuwa. Ndinagula chimanga chootcha pawindo, chopaka tsabola ndi ndimu. Chinali chouma gwa. Mayi uja anasuzumira m'jumbo, n'kunditchula mzee, ndiye kuti madala.

"Chizungu chanji chimenechi, mzee?"

"Chidatchi."

"Mumachimva?"

"Ayi."

"Nanga mwachinyamuliranji?"

"Ndatumidwa."

Anaseka. Ine sindinaseke.

Tinafika ku Athi River dzuwa lili paliwombo. Fumbi la simenti lili pamadenga, pamitengo, ngakhale pambuzi. Ndinagula shuga, buledi ndi mkaka, monga achitira munthu wokazonda matenda. Wa njinga yamoto anati mashilingi makumi asanu. Ndinamuuza kuti ndikufuna kwa mayi a Mwende, ogulitsa makala kuseri kwa tchalitchi. Anandiyang'ana, n'kuliza njinga.

Kwathu pakagwa maliro amayala nthambi pamsewu. Umadziwa uli patali. Umatsika njinga, umavula chipewa. Kuno satero. Ndinaona tenti, mipando yapulasitiki, sipika ikuimba nyimbo za kwaya. Ndinayesa chinkhoswe. Ndinalowa chipewa chili kumutu, buledi m'manja, n'kufuula ndi Chiswahili changa chothyokathyoka:

"Hodi kuno! Mwende ali kuti? Mnzake wam'tumizira katundu."

Anthu anatembenuka. Wina anazimitsa sipika. Patebulo panali chithunzi cha Mwende, atavala yunifolomu, tsitsi lidakalipo.

Ndinavula chipewa.

Mayi ake anandizindikira. Sanakwiye. Anandikhazika pampando, n'kundipatsa tiyi wamkaka. Anati Mwende anamwalira Lachinayi, thupi lili kumochale, akaliika kumudzi. Ndinawapatsa buku. Analisisita pachikuto, n'kundibwezera.

"Baba Tadala, bwererani nalo. Tsamba munamata lija, awiriwo analimatula kalekale. Ankalimatanso ndi phala kuti inu musadziwe. Ankati mungalire."

Tiyi ndinamaliza. Sindikumbuka kukoma kwake.

Pobwerera msewu sindinauone. Ndinali kukonza bodza. Wapita kwa agogo ake. Ndinam'peza ali mtulo. Akupereka moni. Pofika ku Railways ndinali nditasankha la agogo.

Ndinalowa m'wodi nthawi yoona odwala ili pafupi kutha. Mkazi wanga anangondiona nkhope, n'kupukusa mutu kuti ndisanene. Tadala anaona jumbo. Anatulutsa buku. Analowetsa chala patsamba lija, linamatuka mosavuta. Analoza bedi lopanda munthu.

"Adadi, ndi apa?"

Bodza linali pakamwa kale. Koma ulendowu unali utandionetsa chinthu chimodzi: ndinkayesa ndikubisira mwana, chonsecho iye ndiye ankandibisira ine.

"Ndi pamenepo, mwana wanga."

Sanalire nthawi yomweyo. Anasendera kukhoma, n'kundisiyira malo pabedi, mbali imene Mwende ankakonda kukhala.

"Khalani apa. Mugwire mbali iyi, ine ndigwira iyi. Tiyambira poyamba."

Ndinakhala. Ndinagwira.