Mpira wa Golide wa a Benwell Chulu

Moyo wawo wonse a Benwell Chulu anamwetsapo chigoli chimodzi chokha, ndipo anachimwetsa kugolo la timu yawo yomwe. Zinachitikira ku Masumba iwo ali mnyamata. Anzawo sanawakalipire, anangowapempha kuti kuyambira tsikulo azisunga malaya a osewera kunja kwa bwalo. A Chulu anavomera, ndipo mpira anauonera kunjako mpaka ukalamba. Koma m'chigwa chonse cha Luangwa munalibe munthu woukonda kuposa iwo.

Atakula anapita kwa malume awo ku Kitwe, kumene anaphunzira upulambala kumigodi. Loweruka lililonse ankakhala pabwalo lalikulu, mawu n'kuwathera. Anabwerera kwawo mu 1984 ndi mkazi wawo a Tabeth, mwana wawo Ketty, bokosi la masipanala ndi wailesi yaikulu yogwira mayiko akutali. Ntchito anaipeza pa loji ina m'mbali mwa mtsinje ku Chinzombo, ndipo sinkawathera. M'chilimwe njovu zinkafukula mapaipi pofuna madzi, anyani ankatsekula mipopi n'kuisiya ikutayikira. A Chulu ankayendayenda pamsasapo sipanala kudzanja lamanja, wailesi kumanzere. Anangoizimitsapo kamodzi, mu 1993, ndege itagwa ndi timu ya dziko lawo kunyanja ya ku Gabon. Mwezi wathunthu anagwira ntchito chete, ndipo a Tabeth amati mweziwo anaonda.

Tsiku lina mu Januwale 1996, nthawi ya nkhomaliro, wailesi inalengeza kuti wosewera wopambana onse padziko lapansi wasankhidwa, ndipo kwa nthawi yoyamba ndi munthu wa mu Africa, wochokera ku Liberia. A Chulu anasiya mbale n'kuthamangira kumene a Tabeth ankachapa.

"Anyina Ketty, mwamva? Dziko lonse! Makochi a mayiko onse aponya voti, asankha mwana wathu!"

"Mwana wathu ndi Ketty," anatero a Tabeth osatukula mutu. "Bwererani mukadye, nkhuku zikutherani ndiwo."

Nkhaniyo inawakhala m'mutu dzinja lonse. M'chigwamo munali matimu asanu ndi imodzi amene ankamenyana chilimwe chilichonse: anyamata a m'maloji a ku Chinzombo, a pabwalo la ndege la Mfuwe, asilikali oteteza nyama, aphunzitsi, a pamsika, ndi alimi a thonje a ku Jumbe. Ligi ikatha, opambana ankapatsidwa mbuzi, n'kuidya, nkhani n'kuthera pompo. Pofika chaka china palibe ankakumbukira amene anasewera bwino. A Chulu anaona kuti si zoona zimenezo. Anapita kwa a Lubasi, mphunzitsi wochokera ku Mongu amene ankaimbira masewero onse chifukwa analibe mbale aliyense m'chigwamo.

"Mwaswera bwanji, aphunzitsi? Ine ndabwera ndi nkhani. Azungu kwawo akusankha wosewera wa chaka. Ife tilibe miyendo?"

"Tili nayo, ba Chulu. Koma adzasankha ndani?"

"Kochi ndi kaputeni wa timu iliyonse. Mavoti thwelofu. Lamulo ndi limodzi: munthu asavotere wa timu yake. Ndipo ife tiwonjezera china. Tisankhanso kochi wa chaka, chifukwa anthu amenewa amangotukwanidwa basi."

A Lubasi anaseka, koma anavomera kudzathandiza kuwerenga mavoti.

Mphotho yake inapezeka mosavuta. Chaka chimenecho loji inasintha zimbudzi zamadzi za alendo, ndipo m'mathanki akalewo munali timipira tamkuwa toyandama, tija timatseka madzi thanki ikadzaza. Bwana wa loji anati atitaye. A Chulu anasankhapo kamodzi kopanda chibonyo, kakukulu ngati papaya wamng'ono. Anakakwecha ndi mandimu ndi phulusa kwa milungu iwiri mpaka kanayamba kuthobwa m'maso, kenaka anakakhomera pathabwa la mlombwa. Ya kochi anakonza mpopi wakale wachikasu, nawonso n'kuupukuta mpaka mbee.

A Tabeth anaziyang'ana zili pawindo.

"Awisi Ketty, mudzawauza anthu kumene kachokera?"

"Golide yense amachokera m'dothi," anayankha a Chulu. "Ndani amafunsa?"

Ligi itatha mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, a Chulu anayenda panjinga ndi timapepala tawo ndi chitini cha mkaka chobowola pamwamba. Ku Jumbe n'kutali, choncho anakwera galimoto ya loji yopita kukagula katundu ku Chipata, inawatsitsa popita n'kuwatenga pobwera. Mumtima mwawo ankadziwa kale wopambana, monganso aliyense ankadziwira. Anali Obrien Mwanza, mnyamata wonyamula zikwama za alendo pabwalo la ndege, amene chaka chimenecho anamwetsa zigoli 19. Akathamanga ndi mpira, oteteza kumbuyo ankangoona fumbi.

Loweruka masana a Chulu ndi a Lubasi anakhala pansi pa mtengo wa mango kusukulu n'kutsekula chitini. Pepala loyamba linati Wiseman Sakala. A Chulu anaseka, poganiza kuti wina wachita nthabwala. Lachiwiri linatinso Wiseman Sakala. Pofika lachisanu kuseka kunali kutawathera. Mapeto ake a Wiseman anapeza mavoti asanu ndi atatu, Obrien awiri, ndipo awiri otsalawo anamwazikira kwa ena.

A Wiseman Sakala anali goloboyi komanso kaputeni wa alimi a thonje a ku Jumbe, bambo wa zaka 41, wa mimba yotsogola ndi ana asanu ndi awiri. Timu yawo sinapambane sewero ndi limodzi lomwe, ndipo iwo anagoletsa zigoli 47.

"Zachitika bwanji zimenezi?" anafunsa a Chulu.

"N'zosavuta," anatero a Lubasi. "Mwawaletsa kudzivotera. Aliyense waganiza kuti akavotera Obrien ndiye kuti wa timu yake waluza. A kubwalo la ndege nawo aopa kukweza wopikisana naye. Ndiye onse afunafuna munthu amene sangapambane, n'kutayira voti kumeneko. Vuto n'lakuti onse aganizira munthu mmodzi."

A Chulu anafika kunyumba nkhope ili gwa. Anauza a Tabeth kuti angolengeza dzina la Obrien, popeza mapepalawo anawaona ndi anthu awiri okha ndipo a Lubasi angathe kunyengereredwa.

"Mwayenda chigwa chonse kuuza anthu kuti voti ndiyo idzalankhule," anatero a Tabeth. "Lero yalankhula zosakukomerani, mukufuna kuitseka pakamwa? Achita manyazi ndi amene analemba, osati inu. Apatseni a Sakalawo. Mwina chibadwire sanalandirepo kanthu anthu akuombera m'manja."

A Chulu anang'ung'udza masiku awiri, kenaka anatumiza uthenga ku Jumbe.

Mwambo unachitika pabwalo la ku Chinzombo, lija udzu wake zimatchetcha ndi mvuu, Lamlungu masana, nthawi ya fifitini awazi. Anthu anadzaza mpaka ena kukwera m'mitengo. A Chulu anavala tayi imene anakwatira nayo. Obrien anafika ndi nsapato zatsopano ndi anzake a kubwalo la ndege akumuimbira. A Wiseman anatsika pa lole ya thonje atavala jekete yothina m'khwapa, thonje lili mbuu m'tsitsi.

Mpopi wa Golide unapita kwa sajeni wa asilikali oteteza nyama, amene ankathamangitsa timu yake mumchenga wa mumtsinje mpaka kusanza, ndipo ligi anatenga ndi iwo. Pamenepo panalibe wotsutsa. Kenaka a Chulu anavundukula chitenje pa mpira wamkuwa uja, dzuwa n'kuuwomba, anthu onse n'kuti "Eee!" Anatsokomola katatu.

"Wosewera wopambana m'chigwa cha Luangwa chaka cha 1996, ndi mavoti eyiti, ndi a Wiseman Sakala a ku Jumbe."

Kumtsinje kunamveka mvuu ikulira. Makochi ndi makaputeni anayamba kuyang'ana zala za kumapazi kwawo. Kenaka bwalo lonse linaphulika ndi phwete. A Wiseman anayenda pang'onopang'ono, nalandira mphothoyo ndi manja awiri atanyonyomala pang'ono, n'kutembenukira kwa anthu.

"Abale, ine si mwana. Ndikudziwa kuti mwandisankha chifukwa sindiopsa munthu. Koma ndikufunseni. Zigoli fote-seveni zimene zinalowa munawerenga. Nanga zimene ndinagwira anawerenga ndani? M'chigwa muno ndani wamenyedwa ndi mpira kuposa ine? Anyamata anga kumbuyoku amathawa mpira ngati njuchi. Ndiye chinthuchi ndalandira, ndipo sindibweza."

Anthu anaomba m'manja, koma Obrien zinamuwawa. Iye anali atagwirapo ganyu pa loji ija ndipo anakazindikira kampirako. Anakuwa ali kumbuyo:

"Mudala, musanyade! Kameneko si golide, n'kam'chimbudzi cha azungu!"

A Wiseman anakatembenuza kampirako, n'kukagogoda ndi chala.

"A Chulu, n'zoona?"

"N'zoona, a Sakala. Koma kamakhala m'thanki ya pamwamba, m'madzi oyera."

"Ntchito yake n'chiyani m'menemo?"

"Kutseka madzi kuti asadutse."

"Aa, ndiye ndi goloboyi mnzanga!" anatero a Wiseman, n'kukapsompsona.

Amayi ogulitsa zitumbuwa anagwa pansi ndi kuseka. A Wiseman anadikira phokoso lichepe, kenaka analoza Obrien.

"Iwe mwana wanga, bwera kuno. Pa mavoti ako awiri aja, imodzi ndi yanga, inayo ndi ya kochi wanga. Ife a ku Jumbe ndife tokha tinalemba zoona, chifukwa tinalibe choti titaye. Nanga a timu yako analemba ndani?"

Obrien anayang'ana kaputeni wake, kaputeniyo n'kuyang'ana kumwamba. A Lubasi, poona kuti zinthu zingaipe, analiza wezulo n'kulengeza kuti awiriwa athetse nkhani ndi mapenate asanu. A Wiseman anavula jekete, napatsira a Tabeth mphotho yawo kuti awasungire. Obrien anamenya anayi oyamba ndipo onse analowa a Wiseman asanasunthe n'komwe. Wachisanu anaumenya ndi mkwiyo wake wonse, molunjika pakati, ndipo unawapeza a Wiseman pamphumi n'kudumphira kunja kwa golo. Bamboyo anakhala pansi ali njenjenje, koma anthu anali atalowa kale m'bwalo. Anawanyamula amuna asanu ndi mmodzi, ndipo mmodzi mwa iwo anali Obrien, akuseka misozi ili m'maso.

Chaka chotsatira a Chulu anakonza mphotho zina, popeza timipira tija anasunga tisanu ndi tiwiri pansi pa bedi. Malamulo sanasinthe, koma makaputeni anali ataphunzira. Obrien anapambana ndi mavoti khumi, onse amene akanatha kupeza, ndipo a Wiseman ndi amene anamupatsira. Mu 1998 amayi a zitumbuwa anabwera kwa a Chulu gulu, akuti iwo amaonera sewero lililonse kuyambira poyamba mpaka pomaliza pamene makochi amangokuwa osaona kanthu. Anapatsidwa voti imodzi onse pamodzi. Anakangana masiku atatu, mapeto ake anasankha mnyamata wa timu ya aphunzitsi chifukwa ankapereka moni mwaulemu pogula.

Mawondo atayamba kuwavuta mu 1999, a Chulu anasiya ntchito pa loji n'kubwerera ku Masumba kukalima mpunga ndi thonje. Chitini cha mavoti anachipereka kwa komiti ya anthu asanu motsogozedwa ndi a Lubasi. Tsiku la mwambo anabwera pa ngolo ya ng'ombe ya mnansi wawo, nakhala pakati pa anthu wamba, a Tabeth ali pambali pawo ndi ambulera. A Lubasi atangotchula dzina la wopambana, mnyamata wa pamsika, a Chulu anadzuka ndodo ili m'mwamba.

"Mwabera! Komiti yonse yadyetsedwa! Wosewera anali wa asilikali uja!"

A Tabeth anawakoka malaya. "Khalani pansi, mukundichititsa manyazi. Mnyamatayu si munkamuyamikira dzulo lomweli?"

"Wasewera bwino, inde," anatero a Chulu akukhala, nkhope ili mwee. "Koma zaka zitatu anthu akhala akundikuwiza ine zimenezi. Ndimafuna ndilaweko. Anyina Ketty, zimakoma!"

Ndipo anadzukanso kukakuwa kachiwiri.