A Makutu ndi Injini Yozizira

Dzina limene adalembetsa kusukulu lidaiwalika kalekale. Kuyambira m'chaka cha 1974 anthu onse a mumsewu wa magalaja ankawatchula kuti a Makutu, ndipo eni akewo ankavomera. Adabadwa mu Ogasiti 1951, nayamba kutsuka masipanala pagalaja ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Pofika zaka makumi awiri ndi zitatu adali atadziwika ndi luso limodzi. Ankatenga sikuludiraiva yaitali ngati mkono, kugunditsa nsonga yake pa injini yolira, chigwiriro n'kuchikanikiza pakhutu, kenaka n'kutsinzina. Pakapita kamphindi ankanena chimene chadwala m'katimo, ngakhale nati imodzi isanamasulidwe, ndipo amakaniko anzawo akamasula ankapeza zomwezo.

Pa 2 Febuluwale 1987 adaleka kugona pansi pa magalimoto a eni, nayamba ntchito imene adakalamba nayo: kuperekeza anthu ofuna kugula galimoto yoyendapo kale. Galimoto iliyonse imene adaiyeza idalembedwa m'kope la chikuto cholimba: tsiku, mtundu wake, zimene adapeza, ndi chigamulo. Zigamulo zidali zitatu zokha: “Gulani,” “Konzetsani kaye,” ndi “Thawani.” Pofika kumayambiriro kwa 2015 makopewo adali khumi ndi limodzi, ndipo magalimoto olembedwamo adali 2,316.

Kachitidwe kawo sikadasinthe zaka zonsezo. M'chikwama ankanyamula sikuludiraiva ija, kamaginito, choko ndi kansalu koyera. Kamaginito ankakayendetsa m'nthiti za galimoto. Pamene kakana kumata, pamenepo padali phala lobisa bala la ngozi kapena dzimbiri. Kansalu kadali kopukutira kachitsulo koyezera oyilo. Ankatsegulanso chivundikiro cha pothirira oyilo, ndipo akapeza thovu loyera kunsi kwake ankadziwa kuti madzi akulowa kumene sayenera. Ankawerama kuona mphira wa chopondera mabuleki: ukakhala wotha pamene mita ikunena kuti galimoto yayenda pang'ono, ankati wina mwa awiriwo akunama, ndipo mphira sudziwa kunama.

Koma lamulo loyamba lidali la dzanja. Asanapereke ngakhale moni wokwanira, ankaika chikhatho pa boneti. Ikakhala yofunda, ankabwerera kwawo.

“Injini yotentha ili ngati mkamwini pamaso pa apongozi,” ankatero. “Ulemu wokhawokha. Ukafuna kuidziwa khalidwe, uidzutse wekha m'mawa.”

Cha mu Novembala 2013, khutu lawo lamanja, lomwe lidatsamira sikuludiraiva zaka makumi anayi, lidayamba kulira lokha ngati nyenje. Adasinthira kumanzere. Chaka chisanathe, nalonso lidayamba kugontha. Mawu a munthu wokweza ankawamvabe, koma timaphokoso tating'ono ta m'kati mwa injini, tomwe tidawapatsa dzina, tidasowa. Sadauze munthu. Kope la khumi ndi chimodzi likuonetsa kuti kuyambira pakati pa 2014 iwo ankakana ogula ambiri, ponamizira msana. Ochepa amene ankawavomera, ankawaikira sikuludiraiva ndi kutsinzina monga kale, koma chigamulo chinkachokera m'maso ndi m'manja mokha. Zimenezi zinkawadya mumtima.

Kenaka kudabwera wogula amene sakadamukana. Mwana wawo wachisamba, namwino amene aliyense, ngakhale makolo ake omwe, ankamutcha Nesi, adasamutsidwira kuchipatala chaching'ono cha pa mtunda wa makilomita makumi anayi, kumene minibasi inkafika kawiri patsiku. Adaganiza zogula galimoto yake yoyamba, ndipo adaipeza.

Loweruka, pa 14 Malichi 2015, cha m'ma 9 koloko m'mawa, bambo ndi mwana adafika pabwalo la mpanda wa malata, pomwe padaima kagalimoto koyera ka zitseko zinayi. Wogulitsa adali bambo wa mawu okweza amene anzake ankamutcha a Tayi, chifukwa ankamanga tayi ngakhale potsuka matayala.

“Achemwali, mwabwera ndi jaji weniweni!” adafuula a Tayi. “Koma pano jaji asowa mlandu. Imeneyi ankayendetsa mayi wina wachikulire, kupita kopemphera ndi kumsika basi.”

“Mayi ameneyo ndimamudziwa,” adayankha a Makutu. “Magalimoto onse ogulitsa ankayendetsa ndi iyeyo.”

Nesi adabisa chiseko m'dzanja. A Makutu adaika chikhatho pa boneti.

“Yafunda.”

“Ndangoilizako pang'ono kuti musavutike, madala.”

“Mwatichitira chifundo chimene sitinapemphe. Tidzabwera Lolemba, 6 koloko m'mawa. Isalire kufikira nditafika.”

Adatulutsa choko najambula mzere kuchokera pa tayala lakutsogolo kutsikira pa simenti, kuti galimoto ikasuntha adzadziwe.

“Ababa, tchuthi ndapempha cha lero lokha,” Nesi adanong'ona. Ataona kuti sakuyankhidwa, adabwereza mokweza.

“Ukapemphe china,” adatero bambo ake. “Kodi iwe wodwala umamuyeza ululu atamwa kale mankhwala oupha?”

Lamulolo lidali lolondola, ndipo akadatero kwa wogula aliyense. Koma pobwerera a Makutu adachita manyazi ndi mtima wawo, pakuti adadziwa kuti adakondwa kupeza boneti yofunda. Idawapatsa masiku awiri.

Lamulungu masana akazi awo adawapeza pakhonde akupukuta sikuludiraiva yoyera kale.

“Bambo a Nesi, tiyi wazizira. Ndakuitanani kanayi.”

“Ndimaganiza zina.”

“Mwakhala mukuganiza zina kuyambira chaka chatha. Wailesi mumatsegulira nyumba zitatu. Lachinayi lija ndinakufunsani ngati mwatseka mpopi, inu munayankha kuti zikomo, mwakhuta.”

A Makutu adapitiriza kupukuta. Mayiwo adakoka mpando nakhala moyang'anizana nawo, kuti milomo ioneke.

“Ena aja mwina munawathandiza ndi maso. Koma mwana wathuyu adzayenda yekha msewu wopanda galaja ngakhale imodzi. Ikadzamufera pakati pa njira, mudzati chiyani?”

“Ndikanena, ndatha ine. Adzandiitananso ndani?”

“Ndiye sankhani, bambo. Dzina kapena mwana.”

Lolemba, pa 16 Malichi, adafika itatsala pang'ono 6 koloko. Mzere wa choko udali wosaduka, ndipo boneti idali yozizira, ya mame. A Makutu adayamba ndi zimene maso ndi manja amadziwa. Kamaginito kadamata paliponse kupatula kachigawo kochepa pa chitseko chakumbuyo, kabala kakale kosaopsa. Oyilo adali woyera bwino, kunsi kwa chivundikiro kudalibe thovu, matayala adatha mofanana mbali zonse, ndipo manambala a pa injini adagwirizana ndi a pa mapepala. Chidatsala chinthu chimodzi.

Adagunditsa nsonga ya sikuludiraiva kutsogolo kwa injini, natsamiritsa khutu, nakweza chala. A Tayi adapotoza kiyi. Injini idalira. A Makutu adamva kunjenjemera m'fupa la tsaya, namvanso nyenje yawo ya masiku onse, osatinso china. Koma nthawi ino sadatsinzine, ndipo adaona nkhope ya Nesi ikukwinyika pang'ono injini itangoyamba, kenaka n'kuwongoka.

“Zimitsani!” adalamula.

A Tayi adazimitsa natulutsa mutu pawindo. “Mwamva nokha, madala. Ikuyenda ngati wotchi.”

Kunena kuti “Gulani” kukadatenga mpweya umodzi. A Makutu adayang'ana mwana wawo, nsapato zake zoyera za kuntchito zitanyowa ndi mame.

“Sindinamve,” adatero. “Sindinamve kanthu. Makutu anga anatha, chaka chino n'chachiwiri.”

A Makutu adatembenuza sikuludiraiva napereka chigwiriro kwa Nesi.

“Ababa, ine ndimamvera zifuwa za anthu.”

“Chifuwa ndi chifuwa. Uli ndi zaka zisanu ndi zinayi unkandigwirira chitsulo chomwechi. Dzina la matenda undisiyire ine. Iwe ungondiuza chimene ukumva, koma mokweza.”

Adadikira mphindi makumi awiri kuti oyilo atsikire pansi monga m'mene amakhalira galimoto ikagona. Kenaka a Makutu adalondolera nsonga ija ndi dzanja lawo, Nesi natsamiritsa khutu.

“Ikalira uyambe kuwerenga. A Tayi, lizani.”

Injini idalira. Nesi adatsinzina, chimodzimodzi bambo ake.

“Kwachita phokoso ngati makiyi ogwedezeka m'chitini,” adafuula, “kenaka kwasiya!”

“Unawerenga mpaka zingati?”

“Zitatu.”

A Makutu adatsitsira nsonga kumunsi kwa injini. “Nanga apa? Kukugogoda ngati munthu pachitseko?”

“Ayi, kukungoyenda myaa.”

“Pondani mafuta, a Tayi. Nanga tsopano?”

“Palibe, ababa.”

A Makutu adaweramuka, ndipo kwa nthawi yoyamba m'miyezi yambiri adapereka chigamulo chopanda chinyengo. “Mtima wa injini uli bwino. Chakhwepa ndi tcheni cha kutsogoloku, chimene chimagwirizanitsa kumtunda ndi kumunsi kwa injini. Oyilo akachifika chimakhala chete, n'chifukwa chake yotentha simungachimve. Koma chikadzaduka panjira, injini yonse yapita nacho.”

A Tayi adakhwefula tayi. “Mayi uja sanandiuze zimenezi.”

“Mukamufunse akamachokera kopemphera.”

Adaseka onse atatu, a Tayi mochedwerapo. Pomaliza adavomera kuti tcheni chisinthidwe pagalaja yosankha a Makutu, iwo ali pomwepo, makiyi asanasinthe manja. Galimoto ya nambala 2,317 idalembedwa motere: “Konzetsani kaye. Womvera: mwana wanga.”

Pobwerera Nesi adayenda kumanzere kwawo, ku khutu lomvako.

“Tinadziwa kalekale, ababa. Amayi anandiletsa, ati mudzanena nokha.”

“Ndiye munkandionerera ndikutsinzina?”

“Munkatsinzina bwino.”

Zimene a Makutu ankaopa zidachitikadi. Pofika masana a tsiku lomwelo nkhani idali itazungulira msewu wonse wa magalaja, pakuti a Tayi sadali munthu wosunga mawu m'kamwa. M'miyezi ya Epulo ndi Meyi kope silidalandire mzere ngakhale umodzi. Komabe iwo ankati mtima udapepuka, ndipo akazi awo akaitana, tsopano ankangoti, “Kwezani, mayi.”

Lachinayi, pa 11 Juni, Nesi adabwera ndi kagalimoto koyera kaja nawatengera kwa dokotala wa makutu, amene adawayeza milungu itatu m'mbuyomo. Kumeneko adawaveka kachipangizo kothandiza kumva, kakang'ono ngati chala chamwana. A Makutu adadandaula kuti dziko lachuluka phokoso. Pobwerera, ali kumpando wakutsogolo, adatchera khutu kwa makilomita angapo, mutu utapendekera kumbuyo.

“Chepetsa liwiro, Nesi. Wonjezanso. Khotera pang'ono kumanzere.” Adakweza chala. “Tayala lakumbuyo kumanja likung'ung'udza. Beringi yake yayamba kutha.”

“Ababa, mwangovala kumene!”

“Ndiye ndidikire mawa? Khotera kugalaja.”

Pagalaja amakaniko adakweza galimoto ndi jeke, wamkulu wawo nazunguza tayala ndi dzanja. Lidalira ngati mphero yakutali. Mkuluyo adapukuta manja nayang'ana anzake.

“Mwati anatha madalawa?”

Makutu awo sadabwerere mwakale, ndipo iwo sadabisenso. Timaphokoso tina ankatimva, tina ayi. Kuyambira pamenepo sikuludiraiva ankaipereka kwa wogula yemwe, mphunzitsi, telala kapena wogulitsa mazira, n'kumamufunsa kuti akumva chiyani ndipo wawerenga mpaka zingati. Ambiri adachoka atadziwa kumvera galimoto yawo.

Woyamba wa iwo adawapeza pagalaja pomwepo masana omwewo, beringi ikusinthidwa. Adali dalaivala wa ambulansi wopuma pantchito, amene adaima pambali nthawi yonseyo chipewa chili m'manja.

“Madala, ndaona galimoto ina yake kuseri kwa msika. Loweruka muli ndi mpata?”

A Makutu adakonza kachipangizo kaja ndi chala. “6 koloko m'mawa. Ndipo mwiniwakeyo mukamuuze asailize.”

Kope la khumi ndi chiwiri lidatsegulidwa pa 13 Juni 2015.