TV ya m'mutu mwa Eliza

Dzulo mwana wanga anagona akuonera TV, khosi litapindikira kumbuyo, ndipo ndinakumbukira mng'ono wanga Eliza.

Amayi ankathyola tiyi ku esiteti, ife n'kumatsala kumalayini, kunyumba za antchito, ndi kachinangwa kam'mawa basi. Eliza tsitsi linafiira, timiyendo ngati bango. Kenako khosi linauma, maso n'kumangoyang'ana kudenga osaphethira.

Kuchipatala cha mishoni ndinamva anesi akuuza amayi chapansipansi kuti, "TB yalowa m'mutu. Thupi lanjala silinathe kulimbana nayo."

Ine ndinamva TV. Kwathu inalipo imodzi yokha, kwa amanijala. Nditafika kunyumba ndinathamangira kumpopi kukadzitama: "Eliza wathu ali ndi TV m'mutu, n'chifukwa chake saphethira. Akuonera."

Palibe anaseka. Azimayi anakoka zidebe zawo n'kuitana ana awo. Mawa lake amayi atabwera kudzachapa, anatunga okhaokha, atazolika. Sanandikalipire.

Titabwerera kuchipatala ndinagunditsa khutu pamutu pa Eliza kuti ndimve nawo. Panali potentha, pachete. Anatisiya mvula isanathe.

Manyazi anga mpaka lero si akumpopi ayi. Ndi akuti ndinkamuchitira nsanje.