Kamfuti Kotchipa ka ku Hamilton

Tsiku limene ndinapita kukaona kamfuti kaja kunali mphepo yolasa m'makutu. Chipale chofewa chinali chitadzaza misewu, magalimoto ochikokolola akukhula phula ndi zitsulo zawo, khwee, khwee. Mapaipi otenthetsa m'nyumba ankagogoda m'khoma, ndipo kuseri kwa khomalo galu wa anansi anga ankauwa osapuma. Linali Loweruka, m'zaka za m'ma 1970, dothi la pamanda a mkazi wanga lisanakhazikike.

Tinkakhala ku Scarborough, m'mphepete mwa mzinda wa Toronto, m'nyumba yosanja ya mabanja ambiri. Ine ndinkayeza magazi pachipatala china mkati mwa Toronto, iye ankasamalira okalamba, ndipo akaweruka ankasoka. Ana Mulungu sanatipatse. Atamwalira, Amalawi anzathu, amene masiku amenewo tinali ochepa kwambiri, anabwera kudzagona pasiwa limodzi ndi abale angapo a ku Zambia. Tinachita monga timachitira kwathu. Tinatulutsa mipando, tebulo ndi makina ake osokera kuti amayi ayale nsalu akhale pansi pabalaza. Kwathu katunduyo amaikidwa pakhonde. Kuno khonde kunalibe, kunali kolido, kanjira kopapatiza kamene makomo onse a pansanjika yathu ankayang'anako. Tinasanja zonse bwinobwino m'mbali mwa khoma. Palibe amene anakayika, pakuti ndani angagwire katundu wa pamaliro?

M'nyumba yoyandikana ndi yathu munkakhala amuna awiri apachibale, azungu, akuluakulu ndithu, pamodzi ndi mayi awo okalamba ndi galu uja. Chibwerereni ife sanatipatsepo moni. Tikakumana m'chikepe ankagwira mphuno. Mkazi wanga ankangoti, "Asiyeni, mphuno ndi zawo."

M'mawa wa tsiku lachiwiri la maliro, tili mkati moimba nyimbo, amuna aja anayamba kumenya khoma. Tinatsitsa mawu. Kenaka tinamva chinthu cholemera chikugubuduzika pamasitepe, ndipo nditatuluka kolido inali mbee. Mipando tinakaipeza kudzala, pansi pa nyumbayo. Makina ndinawapeza kumapeto kwa masitepe, gudumu litathyoka, ulusi uli mbalambanda. Pansi pa singano panali padakali kolala ya malaya amene ankandisokera asanagonekedwe m'chipatala.

Ndinagogoda pakhomo pawo. Anatsegula wamkulu.

"Kuno si kutchire kwanu," anatero. "Zinyalala zikakhala m'kolido timataya."

"Mkazi wanga wamwalira," ndinayankha.

"Ndiye kuti fungo lichepa."

Woyang'anira nyumba anandiuza kuti lamulo limaletsa kuika zinthu m'kolido kuopa ngozi ya moto, choncho wolakwa ndinali ine. Lamulolo linalipodi, ndipo ine sindinkalidziwa. Wapolisi amene anabwera anafunsa ngati alipo anaona ndi maso ake, nalemba pang'ono n'kumapita.

Olira atabalalika ndinatsala ndekha ndi anthu amenewa. Pachitseko panga ndinkapeza malovu. Ndikamatuluka kupita kuntchito ankamasula galu. Tsiku lina wamng'onoyo anandikankha pamasitepe nati, "Tsatira makina ako," ndipo ndinagwera dzanja mpaka linatupa. Poyamba ndinali ndi mantha chabe. Manthawo atakhalitsa anasanduka chinthu china. Ndinkapempherabe m'mawa ndi madzulo, koma pemphero likafika pa zokhululukira otilakwira ndinkadumpha, ngati munthu wodumpha chithaphwi.

Amene anaona dzanja lotupalo anali mzungu wina wosamalira maboila otenthetsa madzi kuchipatala kwathu, munthu wolongolola koma wopanda njiru. Nditamufotokozera anatukwana kwa nthawi ndithu, kenaka nati, "Mnzanga, mankhwala ake ndili nawo kwathu. Ndikupatsa pamtengo wa jekete lakaunjika."

Ndi mmene ndinakwerera basi ya ku Hamilton, mzinda umene iye ankakhala, Loweruka lija. Utsi wa m'mafakitale a zitsulo unali utagona pamwamba pa mzinda. Anandilowetsa m'galaja, natulutsa chitini cha mabisiketi. Mkatimo, m'kansanza ka mafuta, munali kavolovolo kakang'ono kakuda, chogwirira chake chomata ndi tepi.

Ine ndine munthu wochedwa posankha. Ngakhale nsapato ndimapita kusitolo kangapo ndisanagule. Ndinakatembenuza, ndinaona dzimbiri m'mphepete mwa mpope, ndipo ndinafunsa mafunso monga ndinkafunsira tikalandira chipangizo chatsopano kuntchito.

"Kamalira nthawi zonse?"

"Nthawi zambiri."

"Nanga nthawi zinazo?"

"Zinazo umangogenda nako," anatero akuseka.

"Kamafika patali bwanji?"

"Patali? Sikangalase ngakhale chitseko cha galaja lino. Uyenera kumuyandikira mpaka umve fungo la mowa m'kamwa mwake."

Mapepala kanalibe. Ndinkadziwa kuti mfuti ya m'manja imafuna chilolezo cha apolisi, ndiponso kuti munthu wobwera ngati ine akapezeka nayo popanda chilolezo, ndende imamudikira, kenaka ndege yomubwezera kwawo. Zonsezi ndinaziyeza: katchipa, koma n'kakale, n'kosadalirika, ndipo kangandichotsere ntchito ndi dziko limene munagona mkazi wanga. Mutu unkati ayi. Koma ndinene zoona, dzanja langa linakakonda. Kanakwanira m'chikhatho ngati kanapangidwira ine, ndipo kwa nthawi yoyamba chichitikireni maliro ndinaganiza za kolido ija mtima osagunda. Ndinamuuza kuti asagulitse kwa wina, ndimuyankha Lolemba.

Lamulungu, titatuluka m'tchalitchi, ndinapita kukamwa tiyi kwa banja lina la kwathu. Bambowo anali mkulu wa mpingo wochokera ku Dedza, mayiwo namwino wa ku Zomba, wosabisa mawu. Ndinawauza zonse.

"Alamu, mwati mfuti?" anatero mayiwo. "Inu amene nkhuku ya Khirisimasi inakupulumukani mpeni uli kale pakhosi? Tinaithamangitsa nyumba yonse ija!"

Amuna awo sanaseke. Anaika kapu pansi.

"Achimwene, mukufuna muwombere uti? Wamkulu kapena wamng'ono?"

"Ndikungofuna kuwaopseza."

"Chabwino. Nanga kakalira? Maliro ali khomo loyandikana ndi lanu, mayi awo akulira mkatimo. Mukalowa bwanji kukakhuza?"

"Kuno sachita zimenezo," ndinayankha mokalipa. "Iwo anabwera kwa ine? Anabwera kudzataya makina a mkazi wanga!"

"Sindikufunsa za kuno, ndipo sindikufunsa za iwo. Ndikufunsa inu."

Ndinadzuka tiyi ali theka, ndipo sindinatsanzike. M'basi ndinkawatukwana mumtima, kuti n'kosavuta kulalikira ukukhala ndi anansi abwino. Koma funsolo linandikakamira. Bambo anga anakumba nawo manda a munthu amene anawalanda munda. Sanamukonde munthuyo, ndipo atamwalira sanayambe kumutamanda, koma khasu ananyamula mbandakucha chifukwa anali mnansi. Ine ndinakula ndikudziwa kuti maliro a mnansi sajomba. Ndinayesa kudziona ndikugogoda pakhomo paja, shuga ali m'manja, mwana wa mayi uja nditamupha ndine. Ndinayesanso kudziona nditakhala m'nyumba mwanga chitseko chili chotseka, kulira kukudutsa khoma. Zonse ziwiri zinandikanika.

Lolemba ndinatsikira kumaboila kukamuuza mnzanga uja kuti kamfutiko sindigula.

"Mtengo?" anafunsa. "Nditsitse?"

"Ngakhale mutandipatsa ulere."

Anagwedeza mapewa. "Khosi ndi lako."

Musaganize kuti mtima wanga unali utafewa. Ndinkawada anthu aja monga kale, ndipo iwo sanasinthe kanthu. Malovu ndinkapukutabe. Ndinaphunzira kumvetsera kaye pachitseko ndisanatuluke, ndi kunyamula ambulera yaitali chifukwa cha galu ngakhale kunja kulibe mvula. Kangapo konse, galuyo atanding'ambira buluku, ndinaganizanso za chitini cha mabisiketi chija.

Chipale chitasungunuka, mayi awo anamwalira. Ndinaona anthu a ambulansi akuwatulutsa m'mawa atawafunditsa kumaso. Mayi amenewa sanandilankhulepo chiyambire. Tikakumana ankayang'ana pansi, ndipo sindidziwa ngati anali manyazi kapena kunyansidwa.

Ndinapita kusitolo, ndinagula shuga ndi buledi, ndinavala jekete lakuda, n'kugogoda. Anatsegula wamng'ono, uja anandikankha, maso ali psuu.

"Ukufuna chiyani?"

"Ndamva za mayi anu. Ndabwera kudzapepesa."

"Choka pano, nyani iwe."

Chitseko chinamenyetsedwa. Ndinaika shuga ndi buledi pansi pafupi ndi khomo lawo. Kenaka ndinalowa m'nyumba mwanga, ndinatenga umodzi wa mipando ija tinakaitola kudzala, wa mwendo womanga ndi waya, ndinauika m'kolido moyang'anana ndi khomo lawo n'kukhalapo. Ndinati mpando wokhala munthu saunena kuti zinyalala.

Ndinakhala pamenepo mpaka dzuwa kupendeka. Kunabwera anthu owerengeka okha, ndipo sanakhalitse. Nyimbo sinamveke ngakhale imodzi. Masana wamkulu anatuluka ndi galu pachingwe, naima patsogolo panga.

"Wapenga iwe? Ukufuna ndikuponye pamasitepe ndi mpando wakowo?"

Ndinakhalabe pampando wanga. Manja anga anali pamawondo, ndipo ndinadziwa bwino lomwe kumene dzanja lamanja likanakhala ndikanagula kamfuti kaja. Anayandikira mpaka ndinamva fungo la mowa m'kamwa mwake. Anandiyang'ana nthawi yaitali, natukwana, n'kukokera galu wake kuchikepe. Pobwerera anakankha buledi uja ndi phazi. Mpando sanaugwire.

Anasamuka chaka chomwecho. Sanapepese, sanatsanzike, ndipo kumene anapita sindikudziwa. Makina aja ndikadali nawo, gudumu lake lothyoka chomwecho, kolala ili pansi pa singano. Zinanditengera nthawi yaitali kuti ndinene pemphero lija lonse osadumpha kanthu, koma tsiku lake linafika.

Ndinawakhululukira.