Mfundo za Amayi Ermelinda

Jacinto anafika kwa Matewere kutada kale, tsiku loti mawa ndi Natale, ndiye kuti Khirisimasi, m'chaka cha 1958. Anachoka ku Tete pa kamiyawu, lole yonyamula thonje. Anatsika pa Nsadzo. Kuyambira pamenepo ndi miyendo basi, nsapato za m'tauni zikum'tupitsa matuza. Mudzi uwu anauchoka ali ndi zaka zinayi. Sankakumbukamo ngakhale mtengo umodzi.

Anaodira pakhomo loyamba. Panatuluka mayi wina, dzina lake Elesi, chikuni chamoto chili m'manja.

"Ndikufuna kwa Amayi Ermelinda."

"Inu ndinu yani wawo?"

"Mwana wawo."

"Imani pomwepo. Musaponde pakhonde panga."

"Ndachokera kutali, amayi. Tandipatsaniko madzi."

"Chikho changa n'chimodzi, ndipo ndikuchifunabe. Tsikani kumtsinje. Mukamva fungo la akhate, ndiye kuti mwafika kwanu."

Chitseko chinatsekedwa. Jacinto anatsetsereka, mano ali gwa. Mkwiyo wake sunali pa Elesi yekha. Anabwera kudzatenga amake, akagone kuchipatala ku Tete, manyazi amenewa athe.

Mayi amene ankawafunawo anabadwira pafupi ndi Chifunde, m'banja la alimi. Ali mtsikana anasamala amake osaona kwa zaka zambiri. Kumeneko n'kumene anaphunzira kuyang'ana chimene munthu akulephera, munthuyo asanapemphe. Anabatizidwa atatha msinkhu, napatsidwa dzina la Ermelinda. Kuwerenga sanaphunzire. Mapemphero onse anali m'mutu, korona m'khosi.

Anakwatiwa ndi Alfredo wa kwa Matewere, natengedwa chitengwa. Ana atatu oyamba anawaika m'manda. Wachinayi ndiye Jacinto. Kenaka asipayi, apolisi a boma, anagwira Alfredo kupita naye kuchibalo, kukakumba msewu. Kunabwera malaya ake okha. Chaka chimenecho njala inakula, munda wa thonje wokakamiza uli pakhosi pawo. Mlongo wawo wa ku Tete anapempha mwana. Anam'pereka. Anayenda naye mpaka kumsewu, nabwerera okha, nakasesa kapela. Linali Loweruka, ndipo Loweruka lililonse ankasesa kapela.

M'chaka cha 1950 akhristu a kwa Matewere anayambitsa gulu lothandiza osowa. Analitcha Dengu la Natale. Mkulu wa kapela, a Samuele, ndiwo ankalitsogolera. Milungu inayi Natale isanafike, dengu lalikulu linkaikidwa pakhomo pa kapela. Wina mchere, wina mtedza, wina chibenthu cha sabawu wochapira, wina nsanza yabwinoko. Zina zinkapita kwa amasiye. Zina zinkapita kutsidya kwa mtsinje wa Chisese, kumene kunkakhala anthu khumi ndi mmodzi odwala khate, othamangitsidwa m'midzi yawo.

Ntchitoyo inali yabwino, ndipo a Samuele ankaikonda kuti ioneke bwino. Mphatso iliyonse inkakulungidwa m'masamba, n'kumangidwa ndi luzi lonyowa, mfundo zitatu. Luzi likauma limaumirira ngati chitsulo. Palibe chinkatayika panjira. M'mawa wa Natale akhristu ankapita kumtsinje akuyimba. Mnyamata wamphamvu ankaponyera timaphukusito pamwala waukulu wa tsidya lija. Ankafuula kamodzi, onse n'kubwerera mofulumira.

Natale ya 1951, munga unalasa Amayi Ermelinda kuphazi. Anatsalira m'bango kuuzula. Ndipo anaona zimene sankaziona wina aliyense.

Kunatsika bambo wina, a Solomoni, amene kale anali oluka madengu. Zala zinatha, kunatsala zikhatho. Anapana kaphukusi ndi mawondo. Analuma mfundo. Inakana. Analumanso, napukusa mutu ngati galu pafupa. Masamba anang'ambika. Mchere wonse unathothokera m'madzi.

A Solomoni anakweza maso, naona mayi ali m'bango.

"Amayi inu! Mukawathokoze akhristu anzanu. Mtsinje walawa mchere wawo, ukuti wakoma."

"Chaka chatha zinateronso?"

"Chaka chatha ndinalipira dzino. Onani apa. Mukapitiriza chifundo chanu chotere, nditsala ndi nkhama zokha."

Amayi Ermelinda anakwinya nsalu, nawoloka. Anakhala pamwalapo, namasula mfundo zonse, imodzi imodzi. Atabwerera, sanabise. Ananena m'kapela momwemo, anthu asanatuluke.

"Mwawakhudza?" anafunsa a Samuele.

"Ndakhudza luzi."

"Luzi lomwe analuma?"

"Lomwelo. Tinamanga ndife. Iwo alibe zala, a Samuele. Zaka ziwiri tikuwatumizira mfundo, osati mchere."

"Ndiye mwabwera kudzatiphunzitsa chifundo? Inu osatha ngakhale kulemba dzina lanu?"

"Iyayi. Ndikungonena kuti chimene sichinamasulidwe sichinafike."

Anthu amene anakhala nawo pamphasa imodzi anasendera. Kuyambira tsiku limenelo malo awo anakhala panja, pansi pa zenera.

Chidani chinabwera mwadongosolo. Poyamba anawaletsa pachitsime. Kenaka pamtondo. Amayi ankakoka ana awo akawaona panjira. Wina anayamba kuwatcha mkazi wa Solomoni, ndipo dzinalo linamera. A Samuele analembera kalata ku Tete, kwa Jacinto, amene tsopano ankagulitsa m'kantina: amanu akudya mbale imodzi ndi akhate. Jacinto anaing'amba kalatayo. Sanayankhe aliyense, ngakhale amake.

Apadiri, ansembe awo, ankabwera kawiri pachaka. Tsiku lina anawadzudzula anthu m'kapela chifukwa cha nkhaniyi. Madzulo anakwera njinga yamoto napita. Anthu anatsala ndi mkwiyo wowonjezera. Mu 1954 nkhokwe ya Amayi Ermelinda inapsa, mphepo kulibe. Sanatchule dzina la munthu. Anatola zimene zinatsala, nakamanga kanyumba m'mphepete mwa Chisese.

Gulu linagamula kuti mphatso za kutsidya zilekeke. Amayi Ermelinda anapempha dengu lakale lobooka, nalisoka. Chaka chilichonse, nyengo yokonzekera Natale ikafika, ankayenda khomo ndi khomo. Ankaima patali, n'kuika dengulo pansi.

"Odi kuno. Za anzathu a kutsidya."

"Anzanu, osati anzathu!"

"Zikomo. Mulungu akusungeni."

Ena ankaponya chisononkho cha chimanga kuti anzawo aseke. Iwo ankatola, chifukwa chisononkho chimayatsa moto. Koma ena, ochepa, ankasiya mchere wokulunga m'tsamba panjira ya kumtsinje, pomwe sawaona munthu. Amayi Ermelinda ankadziwa mapazi a aliyense. Sanaulule mmodzi yemwe.

M'zaka zimenezi n'pamene anapeka mfundo yawo. Luzi louma, kuzunguliza kawiri, kupinda khutu, n'kupisamo kamtengo. Munthu wopanda zala akangokankha kamtengoko ndi chikhatho, phukusi limatseguka lokha. Sankafuna kuti azingowamasulira. Ankati munthu amakondwa akatsegula yekha chimene wapatsidwa. Mtedza ankapita nawo wosenda kale. Makasu ankawamangira zingwe zokolowekamo mkono. A Tabita, mayi amene anatsala ndi zala ziwiri, ankalandira singano zopisa kale ulusi, zisanu pakamodzi.

Zaka zisanu ndi ziwiri mudzi unkawayang'ana kumaso, kudikira banga. Silinabwere. Zimenezi zinawakwiyitsa anthu koposa zonse. Chimene chinabwera ndi chifuwa, m'dzinja la 1958. Mwezi wa Natale usanathe theka, analephera kudzuka. Woyendetsa kamiyawu wina ndiye anafikitsa uthenga ku Tete.

Jacinto anawapeza pamphasa, moto ukuzirala. Anatha thupi, kutsala maso. Pambali pawo panali dengu losokedwa lija. Mchere, mtedza ndi sabawu zinali m'masamba, zosamanga. Kunja kunayamba kuwaza.

"Wafika, Jacinto? Wakula ngati abambo ako. Khala apa. Manja anga akana. Undimangire izi."

"Amayi, ndabwera kudzakutengani."

"Ndamva. Yamba wamanga."

Kumanga inali ntchito yake ya tsiku ndi tsiku. Anatenga luzi, nakoka, nalimbitsa, mfundo ziwiri zooneka bwino.

"Masula."

"Chalakwika n'chiyani?"

"Pinda zala zako zonse. Eya, nkhonya. Tsopano masula choncho."

Anayesa. Phukusi linaterereka. Anayesanso, naliponya pansi.

"Ine munandipereka kwa amalume ndili ndi zaka zinayi. Awa mwawasunga zaka zisanu ndi ziwiri. Kutauni anthu amandiseka chifukwa cha inu. Pano ndapempha madzi, andimana chifukwa cha inu."

"N'zoona zonse." Anatsokomola nthawi yaitali. "Ndikanakusunga, ukanakhala manda achinayi. Ndinasankha kuti undide uli moyo. Sindikupempha kuti undikhululukire lero, mwana wanga. Ndikupempha chala chimodzi. Pana apa."

Jacinto anapana. Anam'phunzitsa pang'onopang'ono. Kawiri. Khutu. Kamtengo. Loyamba linalakwika, lachiwiri chimodzimodzi. Lachitatu analikankha ndi nkhonya, ndipo linatseguka ngati duwa la dzungu. Amake anaseka, kuseka kopanda mawu. Anamanga onse khumi ndi limodzi.

"Mawa ulawire. Mvula iyi ikakula kumtunda, Chisese adzadza masiku atatu. A kutsidya akhala opanda mchere kuyambira mwezi watha."

"Nanga inu?"

"Ine sindithawa. Udzandipeza pompano. Usakaike pamwala. Ukawapatse m'manja."

Anapempha kuti apemphere korona. Jacinto anali ataiwala theka la mawu. Iwo ankayamba, iye n'kutsatira. Kum'mawa kutayamba kuyera, anayamba pemphero lina, osalimaliza. Anangopuma kamodzi mofatsa, ngati munthu wotula mtolo. Jacinto anawatseka maso, nawafunditsa nsalu.

Anatuluka. Chitsulo cha kapela chinali kulira, kuitana anthu ku mapemphero a Natale. A Samuele anatsika mpaka pakati pa njira, naima patali.

"Zachitika?"

"Amayi atisiya."

"Pepani. Koma ndinene mosabisa. Pamudzi pano palibe akumba manda amenewo. Mukawauze anzawo a kutsidya. Ndipo dengu ilo ndi la kapela. Tinangowabwereka."

"Mukalifuna, bwerani mudzalitenge m'manja mwanga."

A Samuele anayang'ana dengulo. Anayang'ana manja a Jacinto. Sanasendere.

Umo ndi mmene anakhalira Amayi Ermelinda, mkhristu wa kwa Matewere. Sanasiye munda, mbuzi kapena dzina labwino pakati pa anthu a kwawo. Dengu la Natale likamafika kwa inu, ikanimo chimene muli nacho. Koma funsaninso zimene iwo anafunsa: amene akukalandirayo, akatha kumasula?

Jacinto anasenza dengu. Chisese anali atafiira, madzi akukwera, zinyalala zikutsetsereka. Tsidya lija anthu anali ataima kale pamchenga, nsanza zili kumutu chifukwa cha mvula. Bambo wina wopanda dzino lakutsogolo anafuula.

"Ndani ameneyo wa malaya a m'tauni? Amayi athu ali kuti?"

Jacinto anacheukira kumbuyo. A Solomoni anayang'ana kanyumba kopanda utsi. Anavula nsanza kumutu. A Tabita anakhala pansi pamchenga wonyowa.

"Chabwino, bambo," anatero a Solomoni, mawu atatsika. "Ponyani pamwalapo, muthawe. Tinazolowera. Mano akadalipo ochepa."

Jacinto anavula nsapato zake, nazisiya pamtunda. Anagwiritsa dengu ndi manja onse awiri. Analowa m'madzi.