A Lemson ndi Bodza la Pageti

Ine ndimagulitsa nthochi. Ndimapikula m'mawa mumsika waukulu wa ku Old Town, n'kukwera minibasi, n'kumayenda nazo pamutu geti ndi geti mu Area 12 monse. Choncho bodza la pageti musandiuze, ndimalidziwa. Ukagogoda, kazenera ka pageti kamatseguka, diso la wantchito n'kusuzumira: "Adona kulibe." Chonsecho galimoto ili poteropo, ndipo katani ya pawindo ikugwedezeka yokha ngati m'nyumbamo mwalowa mizimu. Sindikwiya nazo. Wantchito amanena zimene wauzidwa, ndipo ntchito ya kumayadi imayenda choncho.

Geti limodzi lokha ndi limene silinkanama, la a Lemson.

A Lemson anali a ku Nathenje, munthu wamfupi, wosachedwa kuseka, woyimba besi mukwaya ya kutchalitchi kwawo ngakhale mawu awo anali ovutitsa makutu. Ankasamalira maluwa ndi kapinga kunyumba kwa a Paxton, bwana wa kuofesi ina ku City Centre, ndipo masana ankatsegulanso geti. Ankakhala m'kanyumba ka kuseri pamodzi ndi akazi awo a Tamara ndi ana atatu, amene ankaphunzira sukulu ya m'tauni momwemo. Ntchito, pogona ndi sukulu ya ana, zonse zinali kudalira geti limenelo.

Iwo ukawagogodera ankakuuza kuti, "Adona alipo, koma lero nthochi sakuzifuna." Kapena, "Bwana alipo, anena kuti mubwere tsiku lina." Poyamba zinkandinyansa. Bodza lija limakusiyirako kaulemu, umachoka ukudzinamiza kuti akanakhalapo akanagula. Tsiku lina ndinawaseka.

"Abusa a pageti, kungonena kuti kulibe, lilime lithothoka?"

"Amayi, ine ndimaopa," anatero akupukuta matope m'manja. "Bwana amaona kulekezera pampandapa. Koma alipo wina amene amaona ndi kuseri komwe. Pakamwa pomwepa Lamulungu ndimatchulira dzina lake, ndiye Lolemba ndiziyamba kusowetsa anthu oti alipo?"

Sanali wolalikira m'misewu, ndipo sindinawamvepo akudzudzula alonda anzawo. Mantha awowo anali awo okha. Abwana ankangowapirira chifukwa pakhomopo sipankasowa ngakhale fosholo.

Loweruka lina masana ndinafika pagetipo n'kupeza mayi wachikulire atakhala pakapinga, chitenje chili mbuu ndi fumbi, masilipasi atavula. Anandiuza kuti ndi a Naphiri, achemwali awo a a Paxton, amene anawabereka kumsana ali khanda. Mkati mwa mpanda munkamveka nyimbo ndi phwete la alendo a kuofesi, fungo la nyama yootcha likutipeza kunja komweko. A Lemson anali atalowa kukanena za mlendoyo.

Zimene zinachitika mkatimo anandifotokozera pambuyo pake ndi a Tamara, amene ankatsuka mbale chapafupi. A Paxton atamva kuti kwabwera achemwali awo, nkhope inasintha. Anaganiza kuti abwerera zopempha, ndiponso sanafune kuti alendo awo aone mayi wa fumbi akuwatchula dzina ngati kamwana.

"Kawauze kuti ndapita ku Blantyre, ndibwera sabata ya mawa."

"Bwana, nditumeni china chilichonse, ndichita. Ndikhoza kukanena kuti mwatanganidwa."

"Ndati ndapita ku Blantyre. Ukakanena zako, uyambe kusaka kokhala."

A Lemson anatuluka pageti akuyenda ngati munthu wopita kukabayitsa jakisoni. Anagwada pamaso pa mayiyo, chipewa chili m'manja.

"Mlongo wanga alipo?" anafunsa a Naphiri.

Ine mumtima ndinkangoti, nenani bodza bambo inu, ana aja mukawagoneka kuti?

"Alipo, amayi. Koma akuti lero sakumana nanu."

Mayi uja anawayang'ana nthawi yaitali, kenako misozi inayamba kutsika osaipukuta.

"Bwenzi mutangondinamiza, bambo," anatero chapansipansi. "Ndikanabwerera kwathu ndili ndi mlongo."

Mawu amenewo anandilasa ine ndemwe, ndipo mpaka lero ndimawaganizira. Zoona zija sizinapweteke bwana yekha ayi, zinayamba kupweteka munthu wosalakwa. A Lemson anangowerama.

Kenako a Naphiri anaimirira, n'kumanga chitenje, n'kuima pakamwa pa geti limene linali lotsegula.

"Iwe Paxton! Sindinabwerere nyama yakoyo! Amayi ako ali gone kumudzi, chakudya asiya, akungotchula dzina lako. Foni suyankha. Ndanena, ndapita!"

Nyimbo inazima. A Paxton anatuluka akuthamanga, mphanda yootchera nyama idakali m'manja, alendo onse akuwayang'ana. Tsiku lomwelo anawakweza achemwali awo m'galimoto ulendo wa kumudzi, ndipo ndinamva kuti amayi awo anawapeza akadali moyo, nalankhula nawo.

Mwina mukuganiza kuti pobwera a Paxton anadzawathokoza a Lemson. Ine ndinkaganizanso choncho, kupusa kwanga. Munthu wamkulu amakhululuka zambiri, koma manyazi a pamaso pa anzake sakhululuka. Anangoti sangasunge wantchito wosamva zomutuma, ndipo mwezi utatha a Lemson anauzidwa kuti atuluke m'kanyumba kaja.

Ndinawapeza tsiku losamuka. Matiresi, ndowa ndi mpando umodzi zinali zitamangidwa panjinga, ana atanyamula mabuku awo a kusukulu imene sadzabwererakonso. A Lemson anandipatsa moni monga mwa masiku onse, koma maso anali ofiira.

"Simukudandaula?" ndinawafunsa.

"Ndikudandaula kwambiri. Anawa sanalakwe kanthu. Mayi aja ndinawaliritsa ndine, ndipo ndapempha Mulungu andikhululukire ngati panali njira ina yonenera imene sindinaione. Koma mundibwezere pageti paja lero, sindinganenebe kuti apita ku Blantyre."

Anayamba kukankha njinga kulowera kumsewu waukulu. A Tamara anatsalira m'mbuyo, mtolo wa zovala uli pamutu, milomo atayimanga. Ndinawapatsa phava la nthochi loti ana adye m'njira, ndipo polandira anandigwira dzanja osalisiya.

"Ndakwiya nawo, mayi, musaone kukhala chete," anatero. "Dzulo ndinawafunsa kuti, bambo a ana, kumudzi kulibe munda wathu, kulibe nyumba, kodi zinthu zikatiyendera? Mwamuna aliyense akanangoti inde, mkazi wanga, usade nkhawa. Iwo akuti, sindikudziwa, Tamara, akudziwa ndi Mulungu."

Anaseka, misozi ili m'maso.

"Kenako akuti, chimene ndikudziwa n'chakuti sindidzakusiya wekha ndi anawa. Ndiye poti anena ndi iwowo, ndinagona tulo."

Anakonza mtolo pamutu n'kuyamba kutsatira njinga ija.